Nyundo ya Bambo ndi Mbale ya ku Song

Tsiku la Chinjoka, pa 3, mwezi wachisanu ndi chinayi

Aswa zonse. Zonse! Mbale zomwe ndakhala ndikuumba mwezi wathunthu zatha m'mawa umodzi, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe.

Mwambo ndi womwe uja: kanthu sikachoka pa uvuni wathu mpaka woumba wamkulu atakaona padzuwa, ndipo chomwe sichinamukomere amachiswa pomwepo kuti chisakatichititse manyazi kwina. Woumba wamkuluyo ndi Bambo. Ine imvi zayamba kale m'ndevu, koma pa mzere wa mbale ndidakali "mwana iwe". Tinayala mbale pa mphasa, iwo akuyenda ndi nyundo yawo. Kunyamula, kugogoda ndi chala, kuyang'ana, kutsokomola kawiri, khm khm, kenako phwa! Kutsokomolako sikulephera. Amuna otema nkhuni akangomva khm amayamba kutsinzina.

"Bambo, nanga iyi yalakwa chiyani?"

"Sikufanana ndi ya ku Song."

"Pati?"

"Ukadakhala ndi maso sukadafunsa."

Ya ku Song imeneyo ndi imene yatisowetsa mtendere pakhomo pano. Kambale kamodzi, kooneka ngati duwa la kakombo wa m'dziwe, kothiramo madzi otentha kuti mtsuko wa mowa uzikhalamo wofunda. Mbaleyi inaumbidwa ku Song komweko, kwa Atchaina, tsidya la nyanja. Mwini wake ndi nduna ina ya ku likulu, ku Gaegyeong, ndipo ikufuna zina khumi zofanana nayo. Anabwera nayo ndi Bwana Pyo, woyang'anira mauvuni a kuno ku Tamjin, ndipo ndinailandira ndine ndi manja angawa. Khumizo zikapanda kupezeka, kapena mbaleyo ikangobenthuka, uvuni wathu aupereka kwa Mujin wa tsidya la mtsinje, ife tizikamutemera nkhuni. Mujin! Munthu woti mbale zake zimatuluka zachikasu ngati mano a kavalo.

Ndikulemba izi kuti ndisatukwane munthu. Kulembaku n'kwa Bambo omwe: ananditumiza kukachisi ndili mwana, ati manja anga ndi ogwirira cholembera, osati dongo. Ndinabwerako, ndinakhala pa gudumu, sanandikhululukirebe.

Tsiku la Njoka, pa 4

Tsiku lonse kusesa mapale. Mulu wa kuseri kwa uvuni watsala pang'ono kupitirira denga. Mkazi wanga Gasil akuti tingosiya kuumba mbale, tiziumba mapale enieniwo, ntchito ichepe. Sindinaseke.

Mujin anakuwa ali tsidya: "Sundol! Nkhwangwa yako ndi yakuthwa? Ine nkhuni zonenepa sindizifuna, uzidzawaza bwino!"

Ndinamugenda ndi phale. Linagwera m'madzi, anthu ake kuseka.

Tsiku la Kavalo, pa 5

Kunabwera Bwana Pyo. Chombo chonyamula katundu wa ku likulu chinyamuka pa 18, ati sichidikira munthu.

Anafuna kuona mbale yawo. Bambo amaisunga kuchipinda kwawo, pa thandala lomwe timaikapo nsembe za makolo, pa nsalu ya silika, mumdima. Sakuikhudza. Chibwerereni sanaigwirepo ndi chala chimodzi chomwe, amangogwada chapatali n'kumausa moyo. Gasil anaitcha Dona, ati apongozi akwatira mkazi wamng'ono wochokera kunja.

Bwana Pyo anangoinyamula n'kuitembenuza. Bambo anabuula ngati awaponda phazi.

Bwana ati, "Taona kunsiku, Sundol. Inu powotcha mumakhazika zanu pa timiyala toyera titatu, zipsera zake ngati nyemba. Awa onani: tisanu, tating'ono ngati chitowe. Zimenezo musavutike nazo, nduna siyang'ana kunsi. Koma ine ndimayang'ana."

Munthuyu mbale amazidziwa, ndimupatse zake. Potuluka anatola phale pa mulu paja, analiyang'ana padzuwa nthawi ndithu.

"Madala, imeneyi munaswiranji? Ine vuto sindikuliona."

"Zamanyazi zimenezo, bwana. Mwanayu akuphunzira."

Akuphunzira! Munthu woti ndakwatitsa kale mwana wanga wamkazi, Dallae!

"Aphunzire msanga," anatero Bwana Pyo. "Mwambo wa nyundo ndi wanu, sindilowerera. Koma mukaswanso zonse, pa 19 Mujin akuyatsa moto muno."

Atapita ndinati, Bambo, mwamva? Iwo ati amva, koma bola kutema nkhuni kusiyana ndi kutumiza zinyalala kwa nduna. Abale inu, munthu ungatani naye wotere?

Tsiku la Nkhosa, pa 6

Mwayi wake ndinaumba magulu awiri. Lachiwiri linapsa kale moto woyamba, lero tinali kuviika m'phala la phulusa lija limasanduka khungu la mbale.

Mkangano kuyambira m'mawa. Bambo akufuna phala lochindikala, ati ndi momwe amachitira ku Song. Ine ndikuti phulusa lathu si lawo, dongo lathu si lawo, tikachindikalitsa limayenderera n'kumata mbale pansi. Khungu lathu limakoma likakhala lopyapyala, dongo lizionekera mkati ngati mchenga pansi pa madzi oyera. Ndi pomwe kubiriwira kumachokera.

Ndiye nkhani ija inayamba. Agogo a agogo athu anabwera pa chombo kuchokera kutsidya kwa nyanja, anapeza anthu kuno akudyera m'miphika yakuda, anamanga uvuni wa njerwa. Ife ndife mthunzi chabe. Chilichonse chabwino chinatsala kutsidya. Ndaimva nkhaniyi kuyambira ndisanamere mano.

"Bambo, inu ku Song munapitako?"

"Pakamwa pako ndi pomwe pamakulepheretsa."

"Mbale ya kumeneko munaionapo ina kupatula Dona?"

"Usaitchule choncho!"

Atadya phala la mapira masana anagona. Ndinaviika zonse m'njira yanga, changuchangu. Atadzuka anakanda imodzi ndi chikhadabo, ati yapyapyala ngati nsalu ya wamasiye. Koma nthawi yobwereza palibe, amadziwa.

Msana ukuwawa.

Tsiku la Tambala, pa 8

Talongeza. Mbale iliyonse mumphika wake wotchinga phulusa, pa timiyala take titatu. Kukwawa mu uvuni tsiku lonse, mawondo atha.

Ndimati tiyatse lero lomwe. Bambo akana, ati moto wa tsiku la Tambala umauluka. Masiku ali ochepa chonchi tikudikira nkhuku!

Tsiku la Galu, pa 9

Tayatsa. Mowa wa mpunga, nsomba youma ndi mpunga wophika pakhomo pa uvuni, Bambo kugwada, ife kugwada pambuyo pawo. Popempha anatchula makolo onse, kenako ati, "mukhululukire manja a mwanayu." Pamaso pa antchito. Ndinaluma mano.

Akazi safika pafupi moto ukayaka, choncho Gasil amasiya chakudya pa mwala wa kumunsi n'kukuwa. Lero anakuwa kuti, "Bambo a Dallae, idyani, mwina ndi chakudya chomaliza cha woumba! Cha mawa n'cha wotema nkhuni!" Mkazi ameneyu mantha ake amatulukira m'nthabwala. Ndikumudziwa, sakugona.

Tsiku la Nkhumba, pa 10

Nsidze zapsa.

Ndinene zoona, pa moto palibe wofanana ndi Bambo m'chigwa chonse chino. Anakhala duu pa chitsa kuyang'ana lawi pa kabowo, ife tikuponya nkhuni za paini m'mbali, bowo ndi bowo kukwera phiri. Lawi litachoka kufiira kufika poyera, ine ndimati nthawi yakwana. Iwo ayi. Ndinadikira, mtima uli m'mwamba. Kenako anangodzuka: "Tsekani!" Tonse ndi matope m'manja kumata mabowo onse, mpweya usalowe. Ukachedwa pamenepo umatulutsa za Mujin.

Titamaliza anandipatsa chikho cha madzi asanamwe iwo. Ndinadabwa. Kenako ati, "Moto wanga wokha ndiye uli bwino. Zamkatimo kaya."

Ndinamwa madziwo basi.

Tsiku la Ng'ombe, pa 12

Kudikira uvuni uzizire. Ukaika khutu kukhoma umamva ngwe, ngwe, mbale zikudzilankhulira mkati. Ntchito palibe, choncho aliyense akupsera mtima mnzake.

Ndinawapeza Bambo atagwada kwa Dona. Ati, "Taona, mwana iwe. Ukadzaumba chonga ichi ndidzafe tsiku lomwelo." Chipinda chili bii, chomwe akuona kaya n'chiyani. Nyundo anali ataitsuka kale, aipachika pakhomo.

Ndinakadandaula kwa Gasil akupeta mpunga. Ndinati uvuni wa makolo utha chifukwa cha nkhalamba imodzi yosamva. Iye osadzutsa mutu:

"Dona amakoma chifukwa cha silika ndi mdima. Mutamukhazika pa mphasa pakati pa zanuzo, atadetsedwa ndi phulusa, apongozi sangamudziwe n'komwe."

"Angamudziwe."

"Kaya. Ine ndimapeta mpunga."

Ankangolankhula. Koma mawuwo andilowa ngati minga.

Tsiku la Kambuku, pa 13

Ndaganiza, ndichita. Ndimuika Dona pa mzere. Bambo akamunyamula n'kuyamba kumunyoza, akangoti khm, ndiwagwira dzanja: Bambo, imeneyo ndi ya ku Song. Aone manyazi pamaso pa anthu kamodzi kokha, asiye kuswa zanga. Kutsokomola kwawo kumandipatsa nthawi yokwanira. Zaka zonsezi sanaswepo kanthu asanatsokomole.

Gasil sindimuuza.

Tsiku la Chinjoka, pa 15

Ndilembe bwanji kaya.

Tinatsegula m'mawa. Nditangovundukula mphika woyamba ndinadziwa kuti zapsa bwino. Biriwiri, koma kubiriwira koti ukayang'ana umaona mkati. Ngakhale otema nkhuni anasendera kudzaona.

Bambo ali pakhomo pa uvuni kukalipira onyamula, ndinalowa kuchipinda kwawo, ndinamubisa Dona m'malaya. Ndinamupaka phulusa pang'ono, ndinamukhazika pakati pa mzere wachiwiri. Palibe anaona.

Anabwera ndi nyundo. Yoyamba: kunyamula, kugogoda, ngweee. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndikudikira khm. Anaiika kumbali, kudzanja lamanja, kwa zopulumuka. Yachiwiri khm khm, phwa. Yachitatu kumanja. Yachinayi kumanja. Ndinaima kukamwa yasa. Pomaliza mzere woyamba, za kumanja zinali zitapitirira khumi. Uvuni wapulumuka! Antchito akugwedezana, mmodzi anathamanga kukauza akazi.

Apo m'pomwe ndinakumbukira. Dona ali pa mphasa, ndipo sindikumufunanso pamenepo. Koma ndimuchotsa bwanji maso onse ali pa mzere? Ndinati palibe kanthu, ndidikira khm, ndiwagwira dzanja, tiseka, zitha. Ndinasendera pafupi.

Anafika. Ananyamula ndi dzanja limodzi. Nkhope inakwinyika.

"Ichi n'chiyani? Khungu lochindikala, lotuwa ngati madzi otsukira mpunga, dongo silikuoneka. Ming'alu thupi lonse." Anagogoda. "Tamvani kulira kwake, ngati dzungu. Iwe, pakati pa zokongola zonsezi, chinthu ichi chinalowa bwanji?"

Zokongola. Anatero. Pamaso pa anthu. Moyo wanga wonse sindinamvepo mawu amenewo kuchokera pakamwa pawo, ndipo ndinangoti kakasi ngati chitsiru, mawuwo akulira m'mutu.

Sanatsokomole.

Phwa.

Ndikuganiza ndinakuwa. Iwo anatembenuka kundiyang'ana ngati ndapenga. Ndinagwada, ndinatola phale la kunsi, ndinawapatsa. Tizipsera tisanu ngati chitowe, tiwiri pa phale limenelo, titatu pa lina. Anayang'ana. Anatola linalo, analumikiza. Anapita kuchipinda kwawo, ife tonse chiimire. Anabwerako atanyamula nsalu ya silika yopanda kanthu.

"Unaiika dala?"

"Eya, Bambo."

"Kuti undiyese?"

Ndimadikira khofi patsaya, ndikadakonda khofi. Anangogwada n'kuyamba kutola mapale limodzilimodzi, kuika pa silika. Nditafuna kuthandiza anakankha dzanja langa.

Mzere wachiwiri udakali pa mphasa, tangoufunditsa udzu. Palibe wauweruza.

Tsiku la Njoka, pa 16

Gasil anandilalatira mpaka mawu kusasa. "Ine ndimanena zocheza! Munthu wamkulu ngati inu, wophunzira kukachisi, mutu uli ndi chiyani? Phulusa?" Kenako kulira. Kenako nzeru: titenge imodzi mwa zanga tiikulunge mu silika, tinene kuti ndi Dona. Ndinamukumbutsa za chitowe. Bwana Pyo chinthu choyamba amatembenuza. Ati ndiye tithawe. Tithawire kuti? Anthu a m'mudzi wa mauvuni sitiloledwa n'kusamuka komwe, angatigwire tisanawoloke phiri.

Nkhani yafika kale tsidya. Mujin lero sanakuwe. Anangoima m'mbali mwa mtsinje kuyang'ana uvuni wathu, manja kumbuyo, ngati munthu woyang'ana ng'ombe pamsika.

Ndinapita kwa Bambo. Atsekula zenera, chinthu chomwe sachita. Mapale ali pa silika padzuwa, pambali pake imodzi mwa zanga. Akuyang'ana uku, kuyang'ana uku.

Ndinati, "Mawa ndikanena kwa Bwana Pyo kuti ndine. Andimange andipititse ku likulu."

Anatembenuza phale lina.

"Bambo, mwandimva?"

"Tseka chitseko, ukulowetsa fumbi."

Sanadye. Zandikwana, ndadzikwana ndekha. Khumi zilipo, zabwino, ndipo uvuni ndautaya ndi manja anga.

Tsiku la Kavalo, pa 17

Bwana Pyo anafika dzuwa litakwera. Anali atamva kale panjira, nkhope inali kunena. Anakhala pa khonde osalandira n'tiyi yemwe.

Bambo anatuluka atavala malaya awo oyera a pa nsembe. Anaika silika patsogolo pa bwana, anamasula. Bwana Pyo anatembenuza phale la kunsi, anatseka maso.

"Ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, Bambo anayamba kale.

"Ndine, bwana. Ndinaitulutsa kuti ndiyerekeze ndi zinazi padzuwa, ndinaiwala, ndinaimenya."

"Bodza, bwana! Ndinaiika pa mzere ndine, iwo samadziwa!"

"Khala chete, akulu akulankhula. Mwana uyu, bwana, ndi wabodza chibadwire. Funsani aliyense pano: nyundo imagwira ndani?"

Antchito onse maso pansi. Bwana anafunsa mmodzi, iye ati, "Nyundo ndi ya madala, bwana." Si bodza, ndiye ndikanatsutsa chiyani?

"Munaimenya mwangozi?"

"Ayi. Ndinaiyang'ana, ndinaigogoda, ndinaimenya. Pa mzere umenewo inali yosayenera."

Ndinaganiza kuti bwana awamenya pomwepo. Anangowayang'ana, kenako ati tibweretse khumizo. Anatenga imodziimodzi, kutembenuza, kuyang'ana padzuwa, kugogoda. Nthawi inatalika mpaka miyendo inachita dzanzi. Gasil ali kuseri kwa nkhokwe, ndikumva akupuma.

Pomaliza ati: "Ine si mwana, ndikuona zomwe mukuchita nonse awiri. Koma mverani. Nduna ikaona izi idzafuna zina, ndipo woumba ayenera kukhala pano. Ikaona mapalewa idzafuna munthu. Ine mutu wanga sindipereka. Wonyamula mapale akwere chombo mawa akazinene yekha. Akatero uvuni ukhala wanu."

"Akawachita chiyani kumeneko, bwana?"

"Sindikudziwa, Sundol. Mwina zikoti. Mwina awasunga. Mwina nduna idzakhala itadya bwino tsiku limenelo. Ndikawanenera momwe ndingathere, koma sindikulonjeza."

Atapita ndinapsa mtima ngati sindinapsepo. Ndinati Bambo mwapenga? Munthu wa msinkhu wanu panyanja mwezi uno wa mphepo, zombo zikumira chaka ndi chaka pa mafunde a kumpoto aja! Zikoti mungazipirire inu? Cholakwa ndi changa, mukundilanda ngakhale chimenecho?

"Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Wayamba ndiwe kudya?"

"Ine si mwana!"

"Ndiye usalire ngati mwana. Ukapita iwe aumba ndani? Ine dongo ndinasiya kalekale, manja sagwira. Kapena sunaone? Ndinatsala ndi moto ndi nyundo basi."

Ndinali ndisanaone. Ndikunena zoona, ndimayesa sakhala pa gudumu chifukwa cha ukulu.

Madzulo adya mbale ziwiri za mpunga, anamuuza Gasil kuti nsomba yachuluka mchere. Gasil anati pepani apongozi, misozi ili chuchuchu. Chikwatiwireni sanapepesepo za mchere.

Tsiku la Nkhosa, pa 18

Tinatsikira kudoko m'mawa, mbale pamsana. Bambo kutsogolo ndi kamtolo ka silika pachifuwa. Bwana Pyo sanawamange chingwe, ndimuthokoza pa chimenecho.

Njira yonse kudandaula. Udzu wapakati pa mbale wachepa. Mfundo za chingwe ndamanga ngati wakhungu. Nkhuni za chaka chamawa ndiyambe kudula tsopano, osati kudikira chisanu monga mwa ulesi wanga. Phulusa ndisamagule kwa anthu a Mujin, amasakaniza ndi la udzu. Ine eya Bambo, eya Bambo. Lero sindinatsutse n'kamodzi komwe, mpaka anandiyang'ana ngati ndadwala.

Gasil anawapatsa phukusi la makeke a mpunga ndi malaya a ubweya. Ati alemera, koma anatenga.

Amalinyero akuitana. Ndinagwada pa mchenga kuti nditsanzike, anandikoka khutu ngati kale.

"Tamvera kuno. Dzana ndinaiyang'ana tsiku lonse padzuwa. Ndimafuna ndipeze kuti ndinalakwitsa. Ndi mbale yabwino, anthu aja amadziwa ntchito, makolo sananame. Koma utaibwezera pa mzere uja ndingaimenyenso. Wamva?"

"Ndamva, Bambo."

"Usatupe nazo. Milomo ya zako idakali yonenepa."

Anakwera osacheuka. Pa thabwa lokwerera anaterereka pang'ono, mmalinyero anawagwira mkono, iwo anamukalipira. Tinaima mpaka thanga linabisika kuseri kwa chisumbu.

Pobwerera Mujin anali pa mlatho. Ndinakonzeka kumuthira m'madzi akangoyamba. Anangopatuka, ati, "Akafike bwino madala." Ndinangodutsa, zinandinyansa.

Kufika pakhomo ndinapeza antchito atachotsa udzu pa mzere wachiwiri, aima kudikira. Ndinati mukudikira chiyani, longezani. Mmodzi ati, "Sizinaweruzidwe." Ndinayang'ana pakhomo pa Bambo, nyundo palibe. Anaisiya pa gudumu langa, chogwirira chitaloza pomwe ndimakhala.

Ndinaitenga. Yoyamba yabwino, kumanja. Yachiwiri yabwino. Yachitatu ndinaiyang'ana padzuwa, mlomo wake wonenepa ndithu, mbali imodzi. Dzulo ndikadalumbira kuti ilibe vuto. Ndinakweza nyundo, ndinangomva ndatsokomola. Khm, khm.

Onse anatembenukira kukhomo kwa Bambo.